Mapu Amene Anasiya Kundikalipira

Olemekezeka a Meya athu, mayi Wiebenga; olemekezeka makhansala; bambo Jelmer Postma ndi achinyamata anzanu amene mwapanga mapu atsopano apafoniwa; anzanga a kalabu ya okalamba opalasa njinga, amene maso anu ali kale pa khofi ndi makeke; amayi ndi abambo, landirani moni wanga.

Ndine Sietske Hoekstra, wapampando wopuma wa kalabuyi. Ndikuthokoza pondiitana, ngakhale ndikudziwa kuti mwandisankha chifukwa mwa onse amene tinayesa mapuwa, palibe anadandaula kuposa ine.

Chaka chatha ndinatsala pang'ono kulandidwa njinga. Mwana wanga Tjitske, uyo akubisa nkhope kumbuyoko, anandiikira mapu akale aja pafoni kuti aziona kumene ndili. Zilembo zake zinali ngati nyerere, ndipo mayi wolankhula m'menemo anali wamakani kwabasi. Popita kumsika ndikakhotera kumanzere, iye ankati, "Bwererani! Bwererani!" Ine n'kumuyankha kuti, "Bwerera ndiwe, ine ndinabadwira muno!"

Tsiku lina Tjitske anabwera nkhope itagwa. "Amayi, foni ikuonetsa kuti mukumasochera. Msika uli pafupi, inu mukumazungulira kungalande. Ndipatseni kiyi wa njinga."

Musaseke, anzanga, ndinachita mantha. Kuno munthu akalandidwa njinga, chatsala ndi kukhala pawindo n'kumayang'ana ng'ombe za eni ake. Koma chifukwa chozungulirira sindinathe kuchinena.

Ndinapempha kuti andipirire pang'ono, n'kulowa m'gulu loyesa mapu a bambo Postma. Iwo anati, "Mayi Hoekstra, mapu athuwa amaphunzira munthu." Ine ndinati, "Ayambe aphunzira ulemu."

Anaphunziradi. Ndikayandikiza foni kumaso, zilembo zimakula zokha. Ndikayamba kupalasa, misewu yosandikhudza imazimiririka n'kutsala wanga wokha. Mphepo ikamaomba kumaso, amandilozera msewu wotetezedwa ndi mitengo. Za kumsika, poyamba anandisonyeza njira yachidule. Ndinakana, ndipo sanandikalipire. Posakhalitsa anajambula okha mzere wodzera kungalande, n'kulemba pamwamba pake kuti "njira yanu".

Tjitske ataona mzerewo anaukuza ndi zala. Kenako anati, "Amayi, apa si pamlatho pa adadi?"

Ndi pomwepo. Malemu amuna anga, a Auke, ankatsegula mlatho uja kuti maboti adutse, kuyambira unyamata mpaka imvi. Ndimadzera pamenepo n'kuliza belu kawiri, monga ndinkachitira powabweretsera buledi ndi tchizi masana. Ndimawasowa, basi.

"Nanga bwanji simunanene?" anatero Tjitske, misozi ili mbwee.

"Iwe unafunsa foni, sunafunse ine."

Choncho, a Meya, ndikukuthokozani pothandiza ntchitoyi. Ndikuthokozanso achinyamatawa popirira nkhalamba yolongolola. Komabe, bambo Postma, musamasuke: batani lobiriwira la pamapu lija likadali laling'ono kwa zala zanga, tikambirana pa khofi.

Kiyi uja ndi uyu, ali m'manja mwa mwini wake. Lero ndabwera panjinga, ndipo ngati ndinachedwa pang'ono, mukudziwa tsopano kumene ndinadzera. Tsiku la msika likubwerali pamlatho paja padzalira mabelu awiri, chifukwa Tjitske wapopa kale matayala a njinga yake.

Ndi mtima wokondwa, ndikulengeza kuti mapu atsopano a tauni yathu akhazikitsidwa, ndipo ndi otsegukira aliyense, wa njira yachidule ndi wozungulira yemwe.

Zikomo kwambiri.