Bokosi la a Aernout Casteleyn Sititsegula

Malemu anabadwa pa 9 Novembala 1421 kuno ku Brugge, oyamba m'banja la ana atatu. Ine Colaert ndine chitsirizira, wowomba nsalu, wapakamwa uja mumamudziwa.

Mu 1433 anayamba kuphunzira kujambula zithunzi m'mabuku a mapemphero, pa zikopa za ana a ng'ombe, ndi golide ndi burashi ya ubweya wa gologolo. Mu 1446 anakwatira mayi Lysbette. Za luso lawo sindichulutsa mawu. Ambiri muno munapsompsonapo angelo awo mpaka mapiko kufufutika.

Mu 1471 bwana wa kulinga anawalamula kujambula Mgonero Womaliza m'buku la mapemphero la akazi a bwanayo. Anati Yohane Woyera akhale ndi nkhope ya bwanayo, ndipo Yudasi akhale ndi nkhope ya wowomba nsalu amene anawatsutsa pamsika. Wowombayo ndinali ine. Tonse tikudziwa zimene opemphera amachita ndi Yudasi wa m'buku: amamulavulira, kumukanda ndi chikhadabo, kenako n'kutsegula tsamba lina.

Achimwene sanakane. Anatenga galasi n'kudzijambula okha pankhope ya Yudasi. Bwana anangoona tsitsi lofiira lakwathuli, basi anakhutira. Nditawakalipira, achimwene anaseka, amvekere, "Iwe Colaert, nkhope yakoyo ndi yoipa kale, ndiwonongerepo utoto wanga?"

Pa Lenti ya 1472 tsaya lawo lakumanzere linayamba kusupuka. Asing'anga anapakapo uchi, bambo mfumu anawazapo madzi odalitsa, koma chaka chilichonse Sabata Loyera likafika, pamene Yudasi amakandidwa kwambiri, chilonda chinkakula. Chinadya mphuno, kenako chikope. Atisiya Lachisanu Loyera, pa 20 Malichi 1478. Mutikhululukire, nkhope sitiona.

Asiya mayi Lysbette ndi mwana mmodzi, Machteld, amene watenga maburashi a bambo ake. Tikuthokoza a bungwe la ojambula chifukwa cha makandulo, komanso amayi amene asambitsa thupi osafunsa kanthu.

Dzulo buku lija labwezedwa kuchokera kulinga. Akuti pamene panali Yudasi pabooka, ndiye Machteld amatepo chikopa, ajambule nkhope ina. Mwana wanga, mantha ndili nawo, sindibisa. Koma galasi la bambo ako ndaliswa m'mawa uno, kuti nawe usadzijambule wekha. Mawa ndibwera kudzakhala pampando, undijambule ine.

Achimwene, mzimu wanu uuse mumtendere. Kumeneko kulibe wokukandani.