Mayi Woyeza Mitengo Amene Anakana Kusaina

Landirani moni wanga abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mawuwa akupezani. Ine ndine Esinati Banda, mayi wamasiye wa kufupi ndi Kaluluma. Ndikufuna kuchitira umboni za nkhalango ya mudzi wathu, momwe inatsala pang'ono kutichoka m'manja, ndi momwe Mulungu anatibwezera.

Kumtunda kwa mudzi wathu kuli malo amene makolo anawasiya osalima. Fodya atafika pachimake, mitengo ya kumeneko inathera m'zigafa ndi m'mabani oumitsira fodyayo, ndipo nafenso tinadula nawo, sindibisa. Panatsala zitsa zokhazokha. Amuna anga adakali moyo, anagwirizana ndi mabanja ena kuti zitsazo tizizisamala. Chaka ndi chaka tinkapatulira mphukira n'kusiya ziwiri kapena zitatu pa chitsa, tinkadulira nthambi, ndipo mvula ikatha tinkalambula m'mphepete kuti moto usalowe. Masuku anabwerera, bowa ndi matondo zinayambanso kupezeka. Ine ndinapachikamo ming'oma ya njuchi, ndipo uchiwo ndi umene unandilerera ana bambo awo atapita.

Kenaka kunabwera bungwe lina. Anatifotokozera kuti mitengo imayamwa mpweya woipa umene ukusokoneza nyengo, choncho akufuna kuteteza nkhalangoyo. Tinaomba m'manja. Sitinadziwe kuti pa mapu awo malowo analembedwa kuti ndi tchire lopanda mwini, chifukwa palibe ankalimapo ndipo ife tinalibe pepala lililonse. Posakhalitsa anazika zipilala za simenti n'kuika alonda ochokera kwina. M'mawa wina ndikupita kukaona njuchi, mlonda anandibweza panjira, nandiuza kuti ndichotse ming'oma yanga sabata isanathe.

Abale anga, ndinafooka. Pa mapemphero a amayi Lachinayi ndinkangotsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Amuna ena m'mudzi anayamba kunena kuti ngati nkhalangoyo si yathu, bola aitenthe, isakhalenso ya wina. Ndikuulula kuti mumtima ndinkagwirizana nawo. Mkulu wa mpingo wathu, bambo Mwale, anawapempha kuti adikire kaye, ndipo amayi tinasala kudya tsiku limodzi. Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati Ambuye, Inu munationa tikugwira ntchito ija, tumizani wina amene angaonenso.

Sabata yotsatira bungwe lija linatumiza mayi wina kudzayeza mitengo. Dzina lawo ndi mayi Nyirongo, amsinkhu wapakati, olankhula Chichewa chomveka Chitumbuka. Ankalowa m'nkhalango ndi tepi ndi kope, ife n'kumangowayang'ana osawapatsa ndi moni womwe. Tsiku lachitatu anafika pakhomo panga ndikusenda mtedza, nakhala pansi pamphasa.

"Amama, mitengo ija anaidulira ndani?" anandifunsa.

Ndinayankha mwaukali kuti akafunse mapu awo. Sanakwiye. Anati, "Ndayenda m'nkhalango zambiri. Tchire lopanda mwini silikhala ndi zipsera za chikwanje pa mtengo uliwonse. Pamene paja pali manja a anthu, ndipo ndikufuna ndiwadziwe."

Misozi inangoyamba yokha. Ndinawafotokozera zonse kuyambira pa zitsa, iwo akulemba.

Zimene mayiwa anachita pambuyo pake ndi zimene zimandizizwitsa mpaka lero. Ankayenera kusaina lipoti lovomereza kuti malowo ndi opanda mwini, koma anakana. Akuluakulu awo atabwera ku msonkhano pabwalo la sukulu, mayiwa anaimirira pamaso pa onse, modekha ndi mwaulemu, n'kunena kuti mpweya umene bungwe likunena uli m'mitengo imene anthu awa analera, ndipo sangalembe bodza. Mkulu wawo anawauza kuti akhale pansi. Anakhala, koma cholembera sanachigwire.

Ndi iwonso amene anatidziwitsa kuti lamulo limazindikira malo a makolo, ndipo mudzi ukhoza kuwalembetsa m'dzina lake. Pa masiku awo opuma ankabwera pa kabaza, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kuyenda nafe malire onse. Analemba chulu chachikulu, kamtsinje kouma, manda akale, chilichonse chimene makolo ankadziwira malire. Amuna akayamba kuyankha okha, ankawadula mwaulemu kuti amayinso alankhule, pakuti ndi amene amadziwa pomera bowa. Anatiperekezanso ku ofesi yoona za malo kuboma, osati kamodzi.

Sizinathe msanga. Dzinja lonse linadutsa tikudikira, ndipo ena anataya mtima n'kumati mayiwa akungotinyengerera. Koma chimanga chitayamba kuuma, pepala linatuluka, nkhalango inalembedwa m'dzina la mudzi wathu. Bungwe lija linavomera kuti linalakwitsa, linabweranso, nthawi ino kudzatipempha kuti tigwirire ntchito limodzi. Tinagwirizana kuti ife tipitiriza kuteteza mitengo, ndipo uchi, bowa, masuku ndi nkhuni zouma tizitenga monga kale. Alonda tsopano timasankha tokha, ndipo awiri mwa iwo ndi amayi.

Koma mayi Nyirongo, nthawi yawo ya ntchito itatha, a bungwe lija sanawaonjezere ina. Titamva tinapita kukawapepesa, iwo n'kutiseka. Anati ntchito imapezeka ina, koma akanasaina pepala lija sakanathanso kuyang'ana ana awo m'maso. Tinawaperekeza mpaka pamsewu tikuimba, iwo n'kukwera minibasi kubwerera kwawo.

Ndikuyamika Mulungu amene anatigwira dzanja tisanayatse moto, ndipo anatuma mpulumutsi kuchokera mbali imene tinkaiyesa ya adani. Inu amene malo anu akulembedwa ndi anthu osawadziwa, musafulumire kuononga zimene munavutikira. Gwiranani, funsani za lamulo, ndipo musaleke kupemphera ngakhale mawu akukanika kutuluka. Ndili ndi pempho limodzi kwa inu. Mukamagwada lero, atchuleni mayi Nyirongo, pakuti ife tili ndi nkhalango yathu, koma iwo mpaka pano akufunafunabe ntchito.