Musandikankhe pa Chitunda

Achimwene owulutsa, ndine mayi wa ku Migowi kuno ku Phalombe. Ndimayendera chikuku chiyambire ndili mwana, ndipo ndimapikisana nacho pa liwiro. Ndinawinako mendulo ku Blantyre.

Ndimakonzekera mipikisano ndekhandekha pamsewu wopita ku boma. Tsiku lina ndikulimbana ndi chitunda, thukuta lili kamukamu, bambo wina wakabaza anaimika njinga n'kuyamba kundikankha.

"Bambo, ndisiyeni, ndikuchita masewera!" ndinakuwa.

"Masewera ake ati, mayi? Abale anu akutayani bwanji chonchi?"

Anandifikitsa pamwamba akusangalala kuti athandiza. Atapita, ndinalira. Aliyense amaona wovutika, palibe amene amaona wothamanga.

Omvera, mukandipeza pachitundapo musabwere kumbuyo kwanga. Bwerani pambali panga, tithamangire limodzi.