Asiya Buku la Sayansi Losamaliza

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1966, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo wopondana nawo. Ali aang'ono anaphwasula wailesi ya bambo athu kuti aone amene ankalankhula m'katimo, ndipo mkwapulo wake tinagawana tonse awiri.

Anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1989 n'kuyamba kuphunzitsa sayansi kusekondale. Mu 1992 analowa m'banja ndi alamu athu akhala apawa.

Mu 2011 kunabwera silabasi yatsopano yofuna kuti ana aziyesa okha zinthu ndi manja, osati kungoloweza. Sukulu zinalandira mabokosi a mawaya, mabatire ndi timabotolo tagalasi, ndipo malemu anasankhidwa kuti asule mphunzitsi mmodzi pa sukulu iliyonse. Patatha zaka ziwiri anayendera sukuluzo, n'kubwerako nkhope itagwa. Mabokosi ambiri anali chitsekerere m'maofesi a ahedi, poopa kuti ana angaswe zipangizo. Kumene mphunzitsi wosulidwa anasamutsidwa, ana anali atabwerera kuloweza.

Kuyambira 2014 anasintha kachitidwe. Ankasula aphunzitsi awiriawiri, awiriwo n'kukasula a sukulu yoyandikana nayo. Zipangizo ankapanga ndi mabotolo otayidwa ndi mababu a tochi, zoti ngakhale zitasweka palibe angaitanidwe ku ofesi. Kunyumba kwawo chitini sichinkatayidwa, alamu ndi mboni. Sukulu zinayi zimene anayamba nazo zinachuluka kufika 23.

Anayamba kudwala impso mu Juni 2023. Imfa sankaitchula n'komwe. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti njira yonseyi inali m'mutu mwawo, chifukwa zaka zonsezo ankaphunzitsa moonetsa, osalemba. Anayamba kulemba buku la njirayi ali pa bedi la kuchipatala. Pa mitu khumi ndi iwiri analemba isanu ndi iwiri. Anatisiya pa 14 Febuluwale 2025, ali ndi zaka 58.

Abale ndi alongo, ndisakubisireni, ife abanja tili ndi mantha. Mwezi wamawa komiti ya maphunziro ikumana kuti ione ngati njirayi ipitirire ndi kufalikira kwina, kapena ithere pomwepa, ndipo ikufuna buku lathunthu. Mitu isanu yotsalayo akuidziwa ndi aphunzitsi atatu okha, aliyense mbali yake. Awiri mwa iwo makalata owasamutsa ali nawo kale m'thumba. Atatu nonse ndikukuonani mwakhala kumbuyoko. Mukabalalika musanakhale pansi pamodzi, ndiye kuti lero tikuika maliro awiri m'manda amodzi.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ndi ife abale awo asanu. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, aneba amene sanatope nafe, ndi aphunzitsi anzawo amene ankasinthana kukagwira makalasi awo.

Mwambo wake ndi woti ndinene kuti mzimu wawo uuse mumtendere, ndipo ndikunenadi ndi mtima wonse. Koma ine ndinakula nawo, sankagona ntchito isanathe. Aphunzitsi atatu inu, chonde, tithandizeni kuti mlongo wanga agone.