Nambala Imene Zubair Amaidziwa

Pa siteji ya Namwera, mayi Awa ankayang'anitsitsa bambo wina akutsegula foni ndi chikhadabo.

"Pepani bambo, mukuiphwasuliranji?"

"Ndikusintha simu khadi, mayi. Ukawolokera ku Mandimba, yakunoyi sigwira mpaka ukwere pachulu."

"Inenso ndikupita konko kumaliro. Foni yangayi ndi ya ku Joni, ingalole ya ku Mozambiki?"

"Mukayese. Mukagule konko, yakunoyi mumange pansonga ya chitenje."

"Ili pachitenjepo, munthu akaimba imalira?"

"Ayi, mpaka mutaibwezeramo."

"Basi, ikhale momwemo. Mwana wanga Zubair, amene anatumiza foniyi, chaka chachinayi chino ali zii. Nambala imene amaidziwa ndi yomweyi. Chulu mukunenacho chili mbali iti?"