Njinga Imene Mayi Bwenaua Anachedwa Kuimaliza

Malemu amene tawazungulira m'nyumba yamisonkhano muno, mayi Bwenaua Tabuia, anabadwa pa 9 Malichi 1974 m'mudzi wathu uno wa Keuea, pachilumba cha Butaritari. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Uriam ndi mayi Tokataake, omwe onse anatsogola. Ine amene banja landituma kuyankhula ndine Beiabure, mlongo wawo wamng'ono. Zimene ndinene pano ndazitola kwa ana awo ndi kwa mphunzitsi wawo wa ntchito, ndipo zina ndinaziona ndi maso angawa. Banja lagwirizana kuti ndisabise kanthu, poti mphekesera zafika kale m'midzi yonse.

Malemu anayamba sukulu mu 1981 papulayimale ya mishoni. Anali akuthwa pa masamu, koma mayi athu atadwala mu 1988, iwo anasiya sukulu n'kuyamba kulera ife, kulowa m'maenje olimamo koko ndi kuyanika kokonati. Ine ndinaphunzira chifukwa iwo anasiya.

Pa 15 Julayi 1995 anamanga ukwati woyera ndi bambo Tabuia, msodzi wa ku Ukiangang. Mulungu anawapatsa ana awiri, Rakera ndi Ioteba. Amene mukuwakumbukira bambo Tabuia mukudziwa kuti anali munthu wa mawu ochepa, ndipo kulikonse ankayenda pa njinga yabuluu imene handulo yake anaikulunga ndi chingwe cha mbedza.

Pa 22 Juni 2016 bambo Tabuia analowa m'nyanja ndi bwato lawo ndipo sanabwerere. Mabwato anasaka, ndege inazungulira, koma sipanapezeke ngakhale nkhafi. Njinga imene anaitsamiritsa pamtengo kugombe nayo inasowa sabata lomwelo, ndipo tonse tinkati aiba ndi anyamata.

Mu Febuluwale 2021, gulu la amayi a mpingo linatsegula shedi yokonzera njinga pamsewu pano, ndipo linaitana ofuna kuphunzira ntchito. Mphunzitsi anali bambo Kaitiro, amene akhala kumanzere kwangaku, omwe anakalambira m'zipinda za injini za sitima zapamadzi. Onse amene anabwera anali achinyamata, kupatula malemu. Bambo Kaitiro atawaona anati, "Mayi, mwasochera, kwaya ili kuseri uko. Kuno manja anuwo adzanunkha girisi mpaka ku Misa."

Malemu anayankha kuti, "Ananunkha nsomba ukwati wonse, Mulungu sanadandaule. Ndipatseni sipanala."

Anayambira kutsuka zitsulo ndi kupala dzimbiri limene mphepo yamchere imabereka pa chilichonse kuno. Kenako anaphunzira kumiza chubu m'beseni kuti apeze pobooka, kumata, kulumikiza tcheni ndi kukoka mabuleki. Ana a sukulu ankakonda kuti njinga zawo agwire ndi iwo, chifukwa ankawakalipira kaye kenako n'kuwapatsa nthochi. Pofika pakati pa 2023 chinawatsalira chinali chimodzi, kuluka masipoko pa limu mpaka gudumu lizungulire osagwedezeka. Bambo Kaitiro ankati amene sanaluke gudumu asadzitche makaniko.

Tsiku lina mu Ogasiti 2023, dzuwa lili paliwombo, ophunzira onse anapita kukadya ndipo malemu anatsala okha. Mukudziwa mmene msewu wathu umakhalira nthawi imeneyo, zii, ngakhale nkhuku zimabisala. Malemu anauza Rakera pambuyo pake kuti anamva tayala lakuphwa likukhwekhwereza pamchenga, kuchokera kummwera, pang'onopang'ono. Sanadzutse mutu msanga, poganiza kuti ndi kasitomala wamba. Chimene chinayamba kuwafika ndi fungo la madzi a m'nyanja yakuya.

Bambo Kaitiro pobwerera anapeza njinga itatsamira nsanamira ya pakati. Inali yabuluu m'malo ochepa amene dzimbiri linasiya. Tizigoba ta m'nyanja tinamatirira pa felemu, gudumu la kumbuyo linali lopindika, ndipo madzi ankadontha pansi ngakhale kunja kunali kotentha chotero. Pa handulo panali chingwe cha mbedza. Malemu anali atakhala pa ndowa yovundikira, atathira tiyi m'makapu awiri.

Bambo Kaitiro anafunsa kuti, "Yabwera ndi ndani iyi?"

"Eni ake."

"Eni akewo ali kuti?"

"Mwawaponda phazi, aphunzitsi. Sunthani pang'ono."

Bambo Kaitiro akuti sanaone munthu, koma anasuntha.

Abale anga, ndife Akhristu, koma tonse tinakula tikumva kwa makolo kuti omwalira amalowera kumpoto, ndipo msewu wopita kumpoto ndi womwewu wodutsa pakhomo pa shedi. Bambo Kaitiro anati, "Ikonzeni lero lomwe, azipita. Munthu wa paulendo umenewo sachedwetsedwa." Anatenga sipanala kuti athandize, koma nati iliyonse imene anagwira inakana kutembenuka. Malemu anaigwira ndi zala zokha, n'kumasuka. Anati, "Akuti ndikonze ine."

M'masabata ochepa anapala dzimbiri lonse, anaika tcheni china, machubu ena ndi mabuleki atsopano. Pansi pa njingayo sipankauma. Masana aliwonse ankathira makapu awiri, ndipo ophunzira anzawo ankawamva akuyankhula motsitsa, kukamba za denga lodontha ndi za chibwenzi cha Ioteba, n'kumadikira ngati wina akuyankha. Panatsala gudumu la kumbuyo lija. Analiluka, linagwedezeka. Analimasula, analukanso, linagwedezekanso. Miyezi iwiri inatha chotero, mpaka bambo Kaitiro anapsa mtima. Anati, "Kodi m'mutumo muli madzi a kokonati? Ana awa aluka kale atatuatatu!"

Tsiku lina anabwerako msanga kokadya n'kuima kuseri kwa thanki yamadzi. Anaona malemu akumaliza kuluka, akuzungulitsa gudumu, ndipo gudumulo linayenda mowongoka, mwakachetechete, kuposa lililonse limene iwo eni analukapo. Kenako anaona malemu akutenga kasipanala ka masipoko n'kuyamba kumasula imodziimodzi.

Anatulukira nati, "Mayi Bwenaua, ndi tchimo limenelo. Amuna anu avutika m'madzi zaka zonsezi. Alekeni apite."

Malemu anayankha kuti, "Mukuyesa ndikuwakaniza ndine? Iwowa sanadzere njinga, adzera ine. Ndawauza kuti ndikadali wophunzira, gudumu likundikanika, adikire. Rakera ndi woyembekezera, aphunzitsi. Mimba ziwiri zinapita padera. Iyi ndikufuna ndiione ndi maso."

Kuyambira tsiku limenelo bambo Kaitiro ankawakalipirabe mokweza pamaso pa onse, kuti ndi wophunzira wouma mutu amene sanamuonepo. Akuti ankatero kuti wodikirayo azimva.

Mu Novembala 2023 malemu anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Ankamva kuzizira masana. Tinawakweza ndege kupita kuchipatala chachikulu ku Tarawa, likulu la dziko lathu, kumene madokotala anapeza madzi m'mapapo ndipo anawasamalira bwino kwa mwezi wathunthu. Ali kumeneko, ophunzira anakana kutsala m'shedi masana, ndipo agalu ankagona tsidya la msewu atayang'ana nsanamira ija. Abambo mfumu anabwera kudzawaza madzi odalitsa, tinapemphera, koma pansi panali ponyowabe. Ioteba, mtima utamupweteka, anaikweza njingayo m'bwato n'kukaiponya pakuya. M'mawa mwake ophunzira anatsegula shedi, malo anali opanda kanthu. Masana pobwera kokadya anaipeza itatsamira pomwe paja. Malemu anaimba foni tsiku lomwelo, munthu asanawauze, nati, "Ioteba, usawachititse manyazi bambo ako. Nyanja inawakwana."

Anabwerera kumudzi Khirisimasi isanafike. Ngakhale ankayenda mogwirira, sanajombe kushedi. Rakera anawagwadira kuti asadzalimalize gudumulo mpaka kalekale. Malemu anamusisita m'mutu nati, "Mwanawe, bodza lili ndi malire. Munthu uja sanandinamizepo."

Pa 2 Malichi 2024 Rakera anachira mwana wamkazi wamphamvu, ndipo malemu ndi amene anayamba kumusambitsa. Mwanayo anabatizidwa pa Pasaka, pa 31 Malichi. Ambiri munawaona malemu tsiku limenelo akuvina atakhala pansi, akuseka mpaka chifuwa kuwagwira.

Lachitatu lapitali, pa 3 Epulo, anafika kushedi m'mawa atanyamula keliyala imene anaiyalira kamkeka. Bambo Kaitiro anafunsa kuti, "Nanga iyi? Njingayi inalibe keliyala. Eni ake sanapemphe."

"Anapempha dzulo," anatero malemu.

Anakhala pansi n'kuluka gudumu lija osapupuluma. Atamaliza anawapatsa bambo Kaitiro kuti aliyese monga amachitira ndi wophunzira aliyense. Bambo Kaitiro akuti anafunafuna pokanira, analizungulitsa kambirimbiri, anayika chala pambali pa limu kuti mwina likhudza, koma silinakhudze. Malemu anati, "Nenani zoona, aphunzitsi. Akumva."

Bambo Kaitiro anati, "Mwakhoza, mayi. Ndinu makaniko."

Malemu anamanga gudumu, anamanga keliyala, anapopa matayala onse mpaka gwa. Dzuwa litafika paliwombo anauza ophunzira kuti akadye. Bambo Kaitiro anakana kuchoka. Malemu anaseka nati, "Mwandilamulira kokwanira. Lero ndikutumeni ine. Kanditengereni madzi akumwa kuthanki."

Thankiyo ili kuseri kwa shedi komweko. Pobwerera ndi kapu anapeza malemu atatsamira nsanamira, manja atasamba, zipangizo zonse zitabwezedwa m'malo mwake. Anali atatisiya. Njinga panalibe, ndipo pansi panali pouma.

Ine ndi Ioteba tinatsatira mzere wa matayala pamchenga. Unalowera kumpoto, ndipo tayala la kumbuyo linazama kwambiri, monga zimakhalira njinga ikanyamula anthu awiri. Tinautsata mpaka ku Kuma, kumene msewu umathera m'madzi. Anthu amene anakhala m'makonde m'njira monsemo akuti sanaone aliyense akudutsa. Chimene ndinaona ine ndi chakuti mzerewo sunapotoke paliponse.

Malemu atisiya ali ndi zaka makumi asanu. Asiya ana awiri, Rakera ndi Ioteba, mkamwini wawo bambo Timeon, mdzukulu mmodzi, ndi abale anayi a bere limodzi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino a kuno ndi a ku Tarawa, abambo mfumu ndi akatekisiti, amayi a mpingo amene akhala akuphika ndi kuimba kuyambira Lachitatu, asodzi amene abweretsa nsomba, ndi achinyamata amene akumba manda. Tikuthokoza mwapadera bambo Kaitiro, amene anatukwana wophunzira wawo wabwino koposa miyezi yonseyi kuti mdzukulu wathu aonane ndi agogo ake. Iwo apempha kuti ndilengeze kuti shedi itsegulidwa Lolemba, ndipo amene njinga zanu zili mmenemo mudzazipeza zili bwino.

Kwa inu abale a ku Kuma, amene mwadzipereka kutuluka ndi mabwato kukasaka njinga ija, banja lathokoza mtima wanu, koma lati ayi. Isiyeni. Ili ndi eni ake.

Mayi Bwenaua, mlongo wanga, munatilera, munadikira, ndipo ntchito munaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.