Msana wa Mayi Namakhwa

Abale ndi alongo, ine mowa sindinamwepo, fodya sindinasutepo. Ndikamanena za moyo wanga wakale, musayembekezere nkhani za ku bala. Changa chinali kudzikuza, ndipo kudzikuzako kunapweteka munthu.

Ndinachokera ku Kasungu, boma litanditumiza kudzaphunzitsa pa sukulu ina ya ku Jenala kuno. Ndinabwera ndi mtima wonyoza. Ana akamayankhula Chichewa chawo chomveka Chilomwe, ndinkakawatsanzira mu ofesi, aphunzitsi tonse n'kumafa ndi phwete.

Chaka chachiwiri ndinayamba kuvutika ndi msana. Ku chipatala cha mishoni kunali sisitere wina wa ku India, ndipo iyeyo anandiphunzitsa yoga: kuwongola thupi pang'onopang'ono, kupuma mozama, kukhala phee. Ndinachira ndithu. Ena a inu munkanong'ona kuti ndayamba kupembedza mafano. Ayi, pamphasa paja ndinkatchula Yesu yemweyu. Tchimo langa silinali pamenepo.

Sisitere atabwerera kwawo, ndinapempha holo ya tchalitchi kuti Lachitatu lililonse masana ndiziphunzitsa amayi. Amayi ake ati? Akazi a aphunzitsi, anamwino awiri, ndi mkazi wa mlangizi wa zaulimi. Ndinaika lamulo lakuti wolowa avale buluku. Matipate anali atangobwera, ndipo ife a pantchito tinali titayamba kuvala mabuluku monyadira. Ndinkati chitenje chimamasuka munthu akawerama. Zoona zake n'zakuti ndinkadziwa kuti mayi wa kumudzi alibe buluku, ndipo sangayerekeze kulivala.

Amayi a kumudzi ankangosuzumira pa zenera, ine n'kumadzipinda kutsogoloko kuti andione. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Mmodzi mwa osuzumirawo anali mayi Namakhwa, amene ankandibweretsera nkhuni. Amuna awo anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo anthu ankati ndi matenda a boma aja. Nawonso anali atayamba kuonda. Anali ndi ana anayi, ndipo chowadyetsa anawo chinali mtolo wa nkhuni umene ankatsika nawo ku phiri la Michesi. Popanda msana wawo, pakhomo paja panalibe chakudya.

Tsiku lina atatula mtolo kwathu anati, "Madamu, msanawu ukundivuta. Zija mumachita ku holo zija, akuti zimathandiza."

"Mulibe buluku inu," ndinatero, n'kulowa m'nyumba.

Lachitatu lotsatira anabwera. Anavala buluku la malemu amuna awo, lalikulu, atalimanga ndi luzi m'chiuno, pamwamba atakulunga chitenje kuti anthu asawaone m'njira. Pakhomo anamasula chitenjecho, n'kuchipinda bwinobwino, n'kulowa. Mkazi wa mlangizi anakokera mphasa yake kukhoma. Wina anandinong'oneza kuti thukuta la mayiwa likangogwera pamphasa, iye sadzabweranso. Anamwino aja ankadziwa kuti thukuta silipatsira matendawa, koma sanatsegule pakamwa. Nanenso ndinkadziwa.

Ndinapsa mtima. Lamulo langa analikwanitsa, ndiye ndinapeka lina pomwepo.

"Wachilendo amayamba ndi mayeso," ndinatero. "Khalani pansi, tambasulani miyendo, mphumi ifike pa mawondo."

Ineyo kuti mphumi yanga ifike pamenepo zinanditengera chaka chathunthu. Sisitere ankandiuza kawirikawiri kuti thupi la munthu salikakamiza. Zonsezo ndinkazikumbukira bwinobwino.

Anakhala pansi. Anawerama, osafika n'komwe theka. Ndikanangoti mwalephera, pitani, zikanathera pomwepo. Koma ndinkafuna onse aone, ndi a pa zenera omwe. Ndinazungulira kumbuyo kwawo, ndinaika manja onse awiri pamsana, n'kukanikiza ndi thupi langa lonse.

Ndinamva chinthu chikuthyoka m'manja mwangamu. Sanakuwe. Anangogwera chammbali, maso ali tong'o, mpweya ukukana kulowa.

Bambo wina wa pafupi anabwera ndi njinga kuti tiwatengere ku chipatala. Tisananyamuke, mkazi wa mlangizi anandikokera pambali. "Mukanene kuti agwa ndi mtolo kuphiri. Ife sitinaone kanthu."

Tinawakweza mayi Namakhwa panjinga, bamboyo akukankha, ine ndikuyenda pambali nditawagwirira kuti asagwe. Njira yake mukuidziwa, miyala yokhayokha. Njinga ikagunda mwala, ankabuula. Ndinali ndi mantha aakulu, koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu, mantha anga sanali a moyo wawo. Ndinkaopa polisi, ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Njira yonse ndinkayeserera bodza lija mumtima.

Ku chipatala adokotala anafunsa chimene chachitika. Bodza linali kale pa lilime. Ndisanalitulutse, mayi Namakhwa anandigwira dzanja. Ndinawerama, ndikuganiza kuti anditukwana.

"Madamu, ndakhoza? Lachitatu ndibwere?"

Abale, ndinangopezeka ndagwada pa simenti. Mayi ndinawathyola dala aja ankapemphabe chilolezo kwa ine. Pamenepo ndinadziona mmene Mulungu ankandionera, ndipo ndinanyansidwa. Ndinawauza adokotala kuti ndine ndawakanikiza, ndipo ndachita dala kuti ndiwachititse manyazi.

Ndinakabwereza mawu omwewo kwa ahedi, kwa akulu a mpingo, ndi kwa alongo awo a mayi Namakhwa. Alongo awowo ananditukwana m'Chilomwe pakhomo pa chipatala, anthu akuonerera. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma sindinasunthe mpaka atamaliza.

Masabata angapo mayi aja sankatha kudzuka. Palibe ankadziwa ngati adzayendenso. Ndikaweruka ndinkapita kukawasambitsa, ndipo pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ayendenso, ana anayi aja adya chiyani? Ndinakulira mu mpingo, ndinaimba mu kwaya zaka zambiri, koma Yesu ndinamupatsa moyo wanga m'masiku amenewo, ndili ndi beseni m'manja.

Anayenda. Anatuluka m'chipatala ndi ndodo. Patapita zaka mankhwala otalikitsa moyo anafika kuno, anayamba kumwa, thupi linabwerera. Anandikhululukira ndisanamalize n'komwe kupepesa, zimene mpaka lero zimandiliza.

Gulu la yoga lija linabalalika. Patatha chaka akulu a mpingo anandilola kuyambanso, koma malamulo sindinapange ndekha, tinakhala pansi ndi amayi a pa zenera aja. Aliyense amabwera ndi chimene wavala. Okalamba ndi odwala amachitira pa mpando. Mayeso kulibe. Palibe amagwira thupi la mnzake asanafunse kuti, "Ndikugwireni?" Akakana, wakana. Kutsogolera timasinthana, ndipo ena amawerenga mpweya m'Chilomwe, ine n'kumatsatira. Zodzipinda kuti anthu andione ndinasiya. M'mawa uliwonse ndimachita pang'ono, thupi likakana ndimalekera pomwepo, n'kupemphera.

Koma musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Adokotala ananena kuti mayi Namakhwa sadzasenzanso mtolo, ndipo sanasenzenso. Mukamaona mphunzitsi akutsika ku Michesi Loweruka ndi nkhuni pamutu, musamadabwe, ndine, ndimasenzera iwowo. Zimenezo sizibweza msana wa munthu, ndikudziwa.

Alemekezeke Yesu amene ananditseka pakamwa bodza lisanatuluke. Alemekezeke amene anawadzutsa mayi aja pa bedi, ndipo sananditaye ine. Ngati alipo amene mwamutsekera kunja ndi lamulo lodzipekera nokha, musadikire kumva fupa lake likuthyoka m'manja mwanu. Mupempheni Yesu akukhululukireni, ndipo tikatuluka muno pitani kwa munthuyo.

Lachitatu masana bwerani ku holo, kaya ndinu ndani. Amene adzakulandireni pakhomo ndi mayi Namakhwa, ali pa mpando wawo, ndodo ili pambali.